Agogo akuti "swithering": asokonezeka mutu kapena akungoganiza?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Ayrshire, ku Scotland. Ndaudula pang'ono koma mfundo zake ndi izi:

"Ndili ndi miyezi yochepa chiyambireni ntchito pa care home ina kuno. Pali agogo ena aakazi a zaka za m'ma 80 omwe ndimawasamalira, sabata yatha ndinawafunsa ngati apite kwa mwana wawo pa Khirisimasi kapena akhala konkuno, iwo anangoti 'Ah'm swithering, hen'. Sindinamve kanthu. Ndinayang'ana pa foni ndiye inandiuza kuti ndi chimodzimodzi dither, ine mu lipoti la shifiti ndinalemba kuti agogo akuoneka osokonezeka. Senior wathu ataona anandiuza kuti ndikonze, akuti agogo ali bwinobwino. Koma tsiku lina mwana wa agogo omwewo anabwera n'kunena kuti 'Mum's in a right swither the day', apa ndiye aliyense anayamba kuthamangathamanga. Ndiye mawu amodzi omwewo, tsiku lina palibe vuto tsiku lina ndi nkhani? Amatanthauza chani kwenikweni, anachokera kuti, nanga ine ndingawagwiritse ntchito osaoneka ngati ndikuwanyoza?"

Achemwali, mtima m'malo. Si inu nokha, ngakhale mzungu wobadwira ku London akafika ku Ayrshire masiku oyamba amangogwedeza mutu ngati wamva chonsecho sanatolepo kanthu. Mawu amenewa si Chingerezi chomwe tinaphunzira kusukulu, ndi a chiyankhulo cha Scots, ndipo ine pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu obwera kumene kumva mayankhulidwe a kumeneko, swither ndi amodzi mwa mawu omwe amabwerabwera, makamaka kwa anthu ogwira ntchito ngati yanuyo chifukwa okalamba ndi amene amawakonda kwambiri. Senior wanu analondola ulendo woyamba, ndipo omwe anathamanga ulendo wachiwiri analondolanso. Mawuwo ndi amodzi inde koma chiganizo chinamangidwa mosiyana, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Tiyambe ndi zomwe ananena agogo. "Ah'm swithering" apa swither ndi mneni, chinthu chomwe munthu akuchita, ndipo tanthauzo lake ndi kukhala ndi mitima iwiri pa zinthu zomwe ukuzidziwa bwinobwino. Ife timati ndagwira njakata. Agogowo funso lanu analimva, akudziwa kuti Khirisimasi ikubwera, akudziwa kuti kwa mwana wawo kuli adzukulu ndi phokoso ndi masitepe okwera, akudziwanso kuti pa home pali bedi lawo lomwe analizolowera ndi toilet yapafupi, ndiye akuyeza ziwirizi ndipo palibe chomwe chapambana panopa. Munthu wosokonezeka mutu sangachite zimenezo, kuti uchite swither uyenera kugwira zinthu ziwiri m'mutu nthawi imodzi. Ndiye mukamva wokalamba akunena choncho, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mutu ukugwira. Za "hen" musadandaule nazo, sanakutchuleni nkhuku ayi, ndi momwe anthu a mbali ya Glasgow ndi Ayrshire amaitanira mzimayi kapena mtsikana mwachikondi.

Foni yanu sinaname kwenikweni koma inakupatsani mawu olemera mosiyana. Dither pa Chingerezi amakhala ndi kachitonzo mkati, ukauza munthu kuti akuchita dither ndiye kuti ukumunena kuti ndi wachidodo, akutaya nthawi ya anthu, sakudziwa chomwe akufuna. Andale amanyozana nawo mawu amenewo. Swither alibe mnyozo umenewo, munthu amadzinenera yekha mosachita manyazi, dokotala angathe kunena kuti anachita swither asanasankhe mankhwala, loya naye chimodzimodzi, ndipo palibe amene angamuone ngati wofooka. Ife kwathu mwambi umati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye kuti timamuchenjeza wa mitima iwiri kuti anyowa ndi mvula, pomwe swither amangonena kuti munthu waima pakati, samuweruza. Si kunyinyirikanso ayi, wonyinyirika mumtima wakana kale akungosowa ponenera, pomwe agogo anuwo mbali zonse ziwiri zikadali zamoyo.

Tsopano za mwana wawo uja. "In a swither" apa swither wasanduka dzina, ndi mkhalidwe womwe munthu walowamo, ndipo dzinali lili ndi matanthauzo angapo. Likhoza kungotanthauza njakata yomweyo, koma likhozanso kutanthauza kutekeseka, nthumanzi, mtima kuthamanga, munthu wosowa chogwira, mpakanso kusokonekera kwa zinthu kapena maganizo. Mwanayo anawonjezerapo "right" kutsindika kuti zafika povuta, ndi "the day" komwe mu Scots ndi kunena kuti lero. Ndiye chomwe anzanu anamva ndi chakuti mayi lero sali momwe amakhalira, atekeseka kwambiri, ndipo wonenayo ndi munthu yemwe amawadziwa kuposa wina aliyense. Pa care home mawu ngati amenewo sumangowasiya adutse.

Matanthauzo awiriwa sanangobwera dzulo, akhala akuyendera limodzi kwa zaka mazana, ndipo mbiri yake ndi yomwe imandisangalatsa ine. Koma poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Scotland ili ndi Gaelic, chiyankhulo cha kumapiri ndi kuzilumba za kuzambwe, chachibale ndi cha ku Ireland, chimenecho ndi Chingerezi n'zotalikirana kwambiri. Ndiye palinso Scots, chomwe chinachokera ku Chingerezi chakale cha dera la Northumbria, kumpoto kwa England, n'kumakula pachokha kumadera a kumunsi ndi kuvuma kwa dzikolo, chikutolera mawu kwa anthu a ku Scandinavia, a ku France ndi a ku Netherlands. Swither ndi wa Scots. Kalelo eni ake ankachitchula chiyankhulochi kuti Inglis, dzina loti Scottis linayamba kumveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo nthawi imeneyo chinali chiyankhulo cha mfumu, cha malamulo ndi cha alakatuli, osati cha kumudzi chabe.

Malo akale kwambiri omwe mawu athuwa amapezeka olembedwa ndi m'ndakatulo ya Gavin Douglas yotchedwa The Palice of Honour, ya cha m'ma 1501. Douglas yemweyu ndi amene pambuyo pake anakhala bishopu wa Dunkeld, ndiponso mu 1513 anamaliza kumasulira Aeneid, ndakatulo yaitali ya Virgil wa ku Roma wakale, kuchoka m'Chilatini kupita mu Scots. Iye sanalembe swither koma swidder, ndipo pamenepo mawuwo akukamba za mitima ya anthu yomwe yagwedezeka. Ndiye mukuona, tanthauzo la mtima kugwedezeka lija, lomwe mwana wa agogo anagwiritsa ntchito, silachilendo, lilipo kuyambira pachiyambi penipeni. La kukayika pakati pa zinthu ziwiri likuonekanso m'zaka zomwezo za m'ma 1500 ndipo ndi lomwe linadzakula kwambiri.

Za d kusanduka th zisakudabwitseni, zinachitikira mawu ambiri ofanana nawo. Father kale anali fader, weather anali weder, gather anali gader, ngakhale dither yemwe uja anachokera ku didder. Mu Scots zinafika mpaka pa mawu omwe Chingerezi chinawasiya, phewa lomwe Angerezi amati shoulder iwo amati shouther, wonga wa mfuti womwe ndi powder amati pouther. Koma kumpoto chakuvuma, mbali ya Aberdeenshire komwe amayankhula mtundu wa Scots wotchedwa Doric, d uja sanafe, mpaka pano okalamba ena amati fadder, midder, bridder. Izi zikukhudzanso katchulidwe kanu. Ife tikaona th timawerenga ngati m'mawu oti kutha kapena thumba, ndiye ambiri amayamba ndi kunena swi-tha, zomwe wa ku Scotland sangazizindikire. Th wa mu swither ndi yemwe ali mu mother, lilime pakati pa mano mawu akutuluka, i wamfupi, ndipo r wa kumapeto amamveka, iwo samumeza ngati a ku England. Ngati th ameneyo akukuvutani ndi bwino mutsetserekere ku d kusiyana ndi ku t, mudzakhala pafupi ndi momwe ankanenera kale.

Mwafunsa komwe anachokera. Madikishonale akuluakulu onse amati gwero lake silikudziwika bwino, pali maganizo chabe. Ena amaloza ku mneni wa Chingerezi chakale wotanthauza kuchepa mphamvu, kuzilala, kufooka, koma pakati pa mawu amenewo ndi Douglas pali zaka mazana angapo zopanda umboni wolembedwa, ndiye akatswiri safuna kulumikiza mwachisawawa. Ena amaloza ku mawu a ku Scandinavia okhudza kuyenda uku ndi uku mothamanga, ndipo poti Scots inabwereka zambiri kumeneko maganizo amenewa ali ndi pogwira. Ine pandekha ndimakopeka ndi achiwiriwa, chifukwa mukawerenga zitsanzo zambiri mumaona kuti mu swither mumakhala kuyenda, maganizo amapita uku n'kubwerera, si munthu wangokhala duu. Koma awa ndi maganizo anga, wina akakuuzani motsimikiza kuti anachokera apa, mufunseni umboni.

Swither ngati dzina akuoneka mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1700, ndipo chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha Allan Ramsay, munthu yemwe anayamba ndi kupanga mawigi ku Edinburgh kenako n'kukhala wogulitsa mabuku ndi mlakatuli. M'kalata ya ndakatulo yomwe analembera mnzake James Arbuckle mu 1719, akufotokoza msilikali wa pa kavalo yemwe wakwera ndi chamuna chonse, lupanga ndi mfuti zili m'chiuno, kenako waima kwa kanthawi mu "jumbled swither" osadziwa kuti alowere msewu uwu kapena uwo, pamapeto n'kungothamangitsa kavalo osasamala komwe akupita. Ramsay akudziseka yekha momwe amayambira kulemba. Apa ndi njakata yeniyeni, misewu iwiri, palibe mantha.

Ndiye pakubwera Robert Burns, mlakatuli wotchuka wa ku Scotland, ndipo inu poti muli ku Ayrshire muli kwawo kwenikweni, anabadwira ku Alloway mu 1759 ndipo pa 25 Januwale mudzaona nokha momwe a pa home panupo adzakonzere chakudya chawo chotchedwa haggis pomukumbukira. Burns anagwiritsa ntchito swither m'njira zonse ziwiri. Mu Death and Doctor Hornbook, yomwe analemba mu 1785, wolankhulayo akuchokera komwa mowa usiku, akulimbikira kuti sanaledzere koma wangomwa zokwanira, chonsecho akulephera kuwerenga ngati nyanga za mwezi zili zitatu kapena zinayi. Panjira akumana ndi chinthu chachitali chowonda, chikwakwa chili paphewa, ndipo akuti chinthucho chinamuika mu "eerie swither". Chinali Imfa. Apa sakusankha pakati pa zinthu ziwiri ayi, ndi tsitsi kuima, miyendo kuzizira, kusadziwa kuti chomwe ukuonacho n'chiyani. Nkhani yake ndi yoseketsa, Imfa ikudandaula kuti mphunzitsi wina wa ku Tarbolton yemwe anadzisandutsa dokotala akuilanda ntchito popha anthu ndi mankhwala ake, koma swither wa pamenepo ndi yemwe mwana wa agogo ananena, wa kutekeseka.

Mu ndakatulo ina, The Author's Earnest Cry and Prayer, yomwe inatuluka m'buku lake loyamba losindikizidwa ku Kilmarnock mu 1786, Burns akudandaulira aphungu a ku Scotland za malamulo a msonkho wa whisky. Chakumapeto akunyoza asilikali a maiko omwa vinyo, akuti mfuti imawalemera paphewa, fungo la wonga sapirira nalo, ndipo maganizo awo olimba mtima kwambiri ndi "hank'ring swither" yoti aime kapena athawe. Apa zonse ziwiri zakumana, pali zosankha ziwiri, kuima kapena kuthawa, komanso pali mantha. Mukaona mawu omwe akuwagwirizanitsa kumapeto kwa mizere mupeza shouther ndi pouther aja. Ine ndimaona kuti mzere umenewu ndi womwe umaonetsa bwino chifukwa chake mawu amodzi ananyamula matanthauzo awiri, munthu akaima pakati pa zinthu zazing'ono amangoganiza, koma zikakhala zazikulu kuima pakatiko kumabweretsa nthumanzi, ndiye kuchoka pa njakata kufika pa kutekeseka si patali.

Pali matanthauzo ena ang'onoang'ono omwe mungakumane nawo. Zinthu nazo zimachita swither, makamaka nyengo, tsiku loti silikudziwika ngati kugwe mvula kapena kuwale, ndipo ku Scotland masiku otere ndi ambiri. Palinso swither wina wolembedwa chimodzimodzi koma wa banja lina, wokhudza kutentha kapena kuwauka, m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja asodzi ankatchula nawo jellyfish chifukwa cha kuwotcha kwake ikakukhudza. Ameneyo amagwirizana ndi mawu a ku Scandinavia otanthauza kuwotcha, komwenso kunachokera swidden, mawu omwe akatswiri amatchulira ulimi wodula mitengo n'kuwotcha ngati chitemene cha kumpoto kwa Zambia. Koma ameneyo simungamumve pa shifiti, ndangomutchula kuti mukamupeza mu dikishonale musasokonezeke.

Chodabwitsa n'chakuti mawuwa anapulumuka, chifukwa Scots inadutsa m'zovuta. Mpingo utasintha mu 1560 Baibulo lomwe linalowa m'nyumba za anthu linali la Chingerezi. Mu 1603 mfumu James VI ya ku Scotland inalandiranso ufumu wa England n'kusamukira ku London, mu 1707 nyumba za malamulo za maiko awiriwa zinaphatikizana, ndiye chilichonse cha boma chinayamba kulembedwa m'Chingerezi. Pofika zaka za m'ma 1750 anthu ophunzira a ku Edinburgh ankachita manyazi ndi mayankhulidwe awo, mpaka David Hume, munthu wanzeru zoopsa uja, analemba mndandanda wa mawu achikwawo oyenera kuwapewa polemba. Kusukulu ana ankauzidwa kuti ayankhule bwino, kutanthauza Chingerezi, ndipo lamba wachikopa wotchedwa tawse analetsedwa m'sukulu za boma mu 1987 chabe. Agogo anuwo anali pasukulu lamba ameneyo akugwira ntchito. Ife omwe tinalangidwapo chifukwa choyankhula vernacular m'kalasi izi sitifunika kuuzidwa kawiri. N'chifukwa chake ndimati wokalamba akakuyankhulani mu Scots musamukonze komanso musamuseke, wakumasukirani. Pa kalembera wa 2011 anthu pafupifupi 1.5 miliyoni ananena kuti amayankhula Scots, ndiye si kachinthu kakang'ono.

Mawu ambiri a Scots anatsalira kukhitchini ndi kubwalo la mpira, koma swither anakwera mpaka m'manyuzipepala ndi m'nyumba ya malamulo, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti Chingerezi chilibe mawu amodzi ogwira ntchito imeneyo popanda chitonzo. Nthawi ya referendamu ya pa 18 Seputembala 2014, yofunsa ngati Scotland ikhale dziko loima palokha, anthu omwe anali asanasankhe ankatchedwa switherers ndipo mbali zonse ziwiri zinkawasaka khomo ndi khomo, mapeto ake okana anapeza pafupifupi 55 peresenti, ovomera 45. Mlakatuli Robin Robertson anatchula buku lake la 2006 kuti Swithering ndipo linapata mphoto ya ndakatulo ya Forward. Mukadzagwira ntchito ndi munthu wa ku Northern Ireland mudzamvanso mawu omwewa, anawoloka nyanja ndi anthu a ku Scotland omwe anasamukira ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, m'zaka za m'ma 1600, kungoti kumeneko ena amawachulukitsa n'kumati "in swithers".

Tibwerere ku ntchito yanu, chifukwa apa mpomwe pali ngozi yeniyeni. Lipoti la shifiti limawerengedwa ndi anthu ambiri, nesi, dokotala, a social work, nthawi zina abale, ndipo mawu oti confused akalembedwa kangapo pa dzina la munthu amayamba kumutsatira. Mawa wina adzaganiza kuti agogo sangathe kusankha okha, adzafunsa mwana wawo m'malo mofunsa iwo, pang'ono ndi pang'ono munthu walandidwa mawu pa moyo wake chifukwa cha mawu amodzi omwe sanamveke. Ku Scotland kuli lamulo la Adults with Incapacity la chaka cha 2000, ndipo poyambira pake m'pakuti munthu wamkulu amatengedwa kuti angathe kusankha yekha pokhapokha zitatsimikizika kuti sangathe. Kutenga nthawi posankha si kulephera kusankha. Ndiye malangizo anga ndi akuti mukamva mawu omwe simukuwadziwa, lembani momwe anawanenera, ndendende, kenako lembani zomwe munaona ndi maso, monga anadya, anaseka, anakumbukira dzina la mdzukulu. Kumasulira musiyire amene akuwadziwa. Palibe senior wanzeru amene angakudzudzuleni chifukwa cholemba mawu enieni a munthu.

Komanso funsani agogowo. Funso lake ndi losavuta, "What are you swithering between?" kapena "swithering about", ndipo mudzaona kuti munthu yemwe akungoyeza zinthu adzakuuzani mbali zonse ziwiri mwadongosolo, mwinanso adzakuuzani chomwe chikuwabweza, kaya akuopa kukhala chipsinjo kwa mwana wawo, kaya akuopa kugwa pa masitepe, kaya ndi nkhani ya mpongozi. Nthawi zambiri chinthu chimenecho chimakhala chotheka kukonza. Musawafulumizitse, ndipo musawasankhire. Apatseni tsiku lomwe yankho likufunika, basi, muwasiye.

Pomwe muyenera kuthamanga ndi apa. Ngati munthu sakutha kukuuzani zinthu ziwiri zomwe akuyezazo, ngati watekeseka mwadzidzidzi kusiyana ndi dzulo, sakudziwa komwe ali, akuona zinthu zomwe palibe, kapena mbali inayo wangoti zii kugona kwambiri osafuna kudya, ameneyo si swither wa njakata. Ikhoza kukhala delirium, kusokonezeka kobwera m'maola kapena masiku ochepa, komwe mwa okalamba kawirikawiri kumayamba ndi matenda a m'njira ya mkodzo kapena m'chifuwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, ululu, kapena mankhwala atsopano. Ine si dokotala ndiye pamenepa ntchito yanga ndi kukuuzani kuti muuze nesi kapena senior nthawi yomweyo, osadikira handover. Iwo ali ndi kafomu kotchedwa 4AT, kanapangidwa ku Edinburgh, kamene mwa zina kamafunsa munthu kutchula miyezi chobwerera kuyambira Disembala. Usiku kapena pa wikendi kuli foni ya zaumoyo ya NHS 24 pa nambala 111, koma ngati nkhope yakhota, mkono wafooka kapena mawu akutuluka mokokakoka ndi 999 osazengereza. Ndipo wachibale akanena kuti mayi lero sali momwe amakhalira, kaya agwiritse ntchito mawu otani, mukhulupirireni.

Poti tili pa nkhani ya kukayika ndikuchenjezeninso za msampha wina woposa swither, womwe wagwetsa anthu ambiri. Mu Scots doubt, yemwe amamutchula kuti doot, nthawi zambiri amatanthauza zosemphana ndi zomwe mukudziwa. Agogo akanena kuti "Ah doot it's gaun tae rain" sakukayika za mvula, akunena kuti akuona kuti igwa. Ndiye akadzati "Ah doot Ah'm gaun tae be sick" musaganize kuti akukutsimikizirani kuti ali bwino, thamangirani beseni. Koma "Ah hae ma doots" ndi kukayika kwenikweni ngati kwa Chingerezi. Mibbe ndi mwina, aiblins nayenso ndi mwina koma wachikale, mudzamupeza m'mabuku kuposa pakamwa pa anthu.

Funso lanu lomaliza, ngati mungawagwiritse ntchito. Inde, ndipo swither ndi amodzi mwa mawu abwino kuyambira nawo, chifukwa si otukwana, si a gulu limodzi la anthu, ndipo sakufuna kuti musinthe mawu anu kuti amveke. Chomwe chimaoneka ngati kunyoza ndi kutsanzira katchulidwe ka anthu, kukokomeza r ndi kupinda pakamwa, koma kunena mwachibadwa kuti "I'm swithering between the early shift and the late one" palibe angakhumudwe, ambiri amangomwetulira. Yambani ndi kudzinenera nokha musanayambe kunenera ena, ndipo "in a swither" muisunge kaye mpaka mutazolowera kulemera kwake, makamaka polemba lipoti. Mu imelo ya kwa manijala wa ku Scotland mawuwa amalowa bwino, koma pa mayeso a Chingerezi kapena polembera ofesi ya ku England gwiritsani ntchito undecided.

Ndipo foni ija muisinthire kochokera. Pa intaneti pali Dictionaries of the Scots Language, yaulere, yomwe inaikidwa pamenepo mu 2004 pophatikiza madikishonale awiri akuluakulu. Dictionary of the Older Scottish Tongue, ya mavoliyumu 12 yomwe inatenga kuyambira 1931 mpaka 2002 kuti ithe, ndi ya mawu a kale kufika chaka cha 1700, kumeneko ndi komwe mungapeze swidder wa Douglas. Scottish National Dictionary, ya mavoliyumu 10 yomwe inatha mu 1976, ndi ya kuyambira 1700 kubwera kuno, ndipo pa ntchito yanu imeneyo ndi yomwe muziyang'ana, imakuuzani ndi madera omwe mawu amamveka. Vuto lake Scots ilibe kalembedwe kamodzi kogwirizana, ndiye mukalemba momwe mwamvera n'kusapeza kanthu yesani kusintha zilembo, kapena mufunseni mnzanu wa pa shifiti akulembereni pa pepala.